Akauboyi Sankapsompsona

"Filimu ya akauboyi imene ine sindinaione, ndiye kuti sanaijambule," anatero a Lyson pabalaza pawo ku Speedway, kutsidya kwa nyanja. "Ndinkamasulira mafilimu amenewa ku Ndirande, nthawi imene akazi sankavala thalauzi. Palibe kauboyi anapsompsonapo mkazi. Ankangovula chipewa n'kukwera hatchi. Ulemu umenewo!"

Nkhani inali ya mwana wawo Pamela, yemwe ankafuna kudzapsompsona Eugene pa ukwati wawo m'tchalitchi ku South Bend. Bambowo anali atakanitsitsa.

"Adadi, sankhani filimu imene mumaidziwa bwino," anatero Pamela. "Akapanda kupsompsonana, ife tidzangogwirana chanza."

Anasankha, Pamela n'kuipeza pa intaneti. Kunena zoona, mkuluyo ankaidziwadi. Mfuti isanalire, iwo anali atatchula kale amene agwe, mpaka Eugene, yemwe ankaonera nawo, anaomba m'manja. Chimene sankadziwa n'chakuti kwathu mafilimu ankafika atadutsa kaye pa sizasi ya boma, yodula zopsompsonana zonse.

Kumapeto kauboyi anavula chipewa pamaso pa mkazi wina.

"Basi yatha, akukwera hatchi ameneyo. Zimitsa," anatero a Lyson akudzuka.

Kauboyi anaponya chipewacho pansi, nakoka mkazi uja, n'kumupsompsona mosafulumira, hatchi ikudya udzu.