Galimoto Yoiwala Matenda Ake

"Yabweranso ija!" anakuwa Wamatayala, wokonza matayala pagalajapo, ali pageti, mano onse pamtunda ngati waona chinthu chabwino.

A Teni anatulutsa mutu kunsi kwa minibasi imene ankaikonza. Inalidi yomweyo, galimoto yoyera ya kampani yogawa mankhwala, ikulowa m'galaja mokokedwa ndi chingwe. Aka kanali kachitatu mwezi womwewo.

Dzina loti Teni anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha sipanala ya nambala teni imene sinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. Umakaniko anauyamba ndevu zisanamere. Injini ankaipima ndi khutu, n'kukuuza chimene chavuta usanamalize kupereka moni. Koma galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta m'kati, ndipo matenda ake ena khutu silimva. N'chifukwa chake mwini galaja anagula makina opimira, kabokosi ka sikirini kokhala ndi chingwe cholowetsa kunsi kwa chiwongolero. Wogulitsa anawaonetsa a Teni kwa theka la ola, akuyankhula ngati akuthamangira basi, basi n'kumapita.

Mwini galaja anatuluka mu ofesi foni ili m'manja, nkhope itakwinyika.

"A Teni, kampani ija yandiimbira. Akuti galimoto ikatentha imazima, kagetsi kochenjeza n'kuyaka. Kawiri konse mwaipima, kawiri konse mukuti makina sakupeza vuto. Ndiye wabodza ndani?"

"Bwana, makinawo akumalemba kuti palibe cholakwika. Ine ndingawonjezere zanga?"

"Tamverani. Anthu aja ali ndi galimoto khumi ndi ziwiri, zonse zimabwera kuno. Akuti ikapanda kukonzeka pofika faifi koloko lero, azitengera kwina. Zikapita, ine ndifuna munthu wodziwa makina, ndipo malo a anthu awiri ndilibe. Ndakuuzani pamaso kuti musadzati ndinakubisirani."

Atalowanso mu ofesi, Wamatayala anasendera pafupi.

"Tsabola wakale sawawa, achimwene. Bwerani kuno ndikuphunzitseni kupopa matayala, kulibe sikirini."

"Iwe, pakamwa pakopo padzakupweteketsa," anayankha a Teni. Anayesa kuseka koma sizinatheke. Kunyumba kunali mkazi wodwala miyendo, ndipo pa msinkhu wawo palibe galaja imene ikanawalemba ntchito. Mantha anawagwira enieni, osati amasewera.

Cha m'ma leveni mwana wawo wamkazi analowa pageti atanyamula magalasi awo owerengera.

"Amayi akuti mwaiwalanso maso anu patebulo," anatero.

Ameneyu ndi mwana woyamba wa a Teni, mayi wa ana awiri, amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu ka pafupi ndi msika. Onse amangomutchula Wamafoni. Pamene ankapita kukaphunzira ntchitoyo, bambo ake anakana mpaka mitsempha ya pakhosi kuoneka. Ankafuna akhale namwino. "Kutokosa mafoni ndi ntchito imeneyo?" ankatero, ndipo zaka zonsezi anali asanapondeko m'shopu mwake ngakhale kamodzi.

"Zikomo. Pita, ndili ndi zochita," anatero a Teni akuvala magalasi.

Wamafoni sanapite. Anaona nkhope ya bambo ake n'kudziwa kuti zinthu sizili bwino, choncho anakhala pa tayala lakale n'kumayang'ana.

A Teni anatsegula boneti. Dzanja linalowa lokha m'thumba, sipanala inatuluka, anamasula waya wa batire n'kuuika pambali. Kenako anakalumikiza makina kunsi kwa chiwongolero, anapukuta manja, anayendetsa maso pa mawaya onse, ndipo atakhutira anabwezera waya wa batire uja. Anayatsa. Sikirini inaganiza pang'ono, n'kulemba zomwe zija: palibe cholakwika.

"Waona?" anatero a Teni. "Chinthu ichi chikundidyera ntchito."

"Ababa, batire mwalimasuliranji?"

"Funso lanji limenelo? Sugwira zamagetsi batire lili moyo. Limenelo ndi lamulo loyamba." Anakwinya mkono wa ovolosi n'kumuonetsa chipsera chimene mwanayo ankachidziwa kuyambira ali wakhanda. "Ndinaphunzira ndi thupi langa ine. Galimoto ya munthu inapsa ndikuona."

"Maulendo awiri aja munamasulanso?"

"Nanga ndikanasiya?"

Wamafoni anadzuka n'kutenga katoni imene munabwera makinawo. Pansi pake panali kabuku, kakadali m'pulasitiki yake, kosatsegula. Anang'amba pulasitiki, anatembenuza masamba angapo, chala n'kuima.

"Ababa, galimoto iyi ikadwala imalemba yokha matenda ake m'kompyuta mwake. Makinawa sapima kanthu, amangowerenga zimene galimoto yalemba. Ndiye pano akuti, mukachotsa batire, galimoto zina zimafufuta zonse zimene zinalemba. Mukumaiiwalitsa kaye, kenako n'kumaifunsa kuti ukumva kupweteka pati."

A Teni anayang'ana batire, anayang'ana sipanala ili m'manja mwawo.

"Ndiye kuti ndine ndemwe?"

"Ndinu nomwe. Koma si umbuli ayi, ndi kusamala kwanu komwe. Palibe anakuuzani."

"Aaa, koma abale!" anatero Wamatayala atagwira m'chiuno. "Dokotala kumenya wodwala m'mutu kuti aiwale, kenako n'kulemba kuti wachira!"

Manyazi anawagwira a Teni, koma nthawi ya manyazi panalibe. Zimene galimoto inalemba zinali zitafufutika kale, ndipo njira inali imodzi yokha: kuiyendetsa mpaka idwalenso. Injini inali itazizira, choncho inalira bwinobwino.

"Shopu yako nanga?" anafunsa a Teni ataona mwana wawo akutsegula chitseko cha mbali inayo.

"Mafoni sathawa. Tiyeni."

Anazungulira nayo m'misewu ya kuseri kwa mafakitale. Wani koloko inakwana, galimoto ili bwinobwino. Thu koloko, ikungoyenda ngati yatsopano. A Teni ankatuluka thukuta, maso pa wotchi, pakamwa akuitukwana chamumtima kuti lero lokha ndiye yasankha kukhala ndi ulemu. Anakwera nayo chitunda kawiri, anaima pa dzuwa injini ikulira. Itadutsa fili koloko, pafupi ndi malo okwerera basi, galimoto inatsokomola kawiri, kagetsi kachikasu kanayaka, n'kuzima kuti zii.

"Yadwala! Mulungu ngwabwino, yadwala!" anafuula a Teni, anthu odikira basi n'kuwayang'ana ngati amisala.

Anatsika mothamanga, anatsegula boneti, ndipo dzanja lija, losamva kuuzidwa, linali kale m'thumba. Wamafoni anaima patsogolo pawo n'kutambasula chikhatho.

"Bweretsani."

"Mwanawe, moto ukathetheka?"

"Suthetheka. Polumikizira paja anapapangira zomwezo. Bweretsani sipanala, ababa."

A Teni anaiyang'ana kanthawi. Kenako anaiika m'dzanja la mwana wawo, ngati munthu wopereka kiyi wa nyumba yake. Analumikiza makina batire lili moyo, mano atalumana. Palibe chinathetheka. Sikirini inaganiza, ndipo ulendo uno inatulutsa chilembo chimodzi ndi manambala anayi.

"Tsopano tengani foni yanu, mulembe nokha manambalawa pofufuzira apo," anatero Wamafoni. "Ayi, osati ine. Mawa sindidzakhalapo."

Chala cha a Teni n'chachikulu, chinkagunda mabatani awiri nthawi imodzi. Anafufuta katatu. Kachinayi zinatheka, ndipo anawerenga pang'onopang'ono, mwana wawo akuwathandiza mawu ovuta: kachipangizo kouza kompyuta mmene injini ikuzungulirira sikakutumiza uthenga.

"Kameneko kali pati sindikudziwa," anatero Wamafoni. "Zanga zathera pamenepa."

"Zisiye kwa ine."

Apa ndiye a Teni anabwerera mwakale. Anayala katoni pansi, analowa kunsi, dzanja likutsata waya malo amene diso silifika. Sipanathe mphindi khumi.

"Kachipangizoko kalibe mlandu!" anakuwa ali kunsiko. "Ndi waya. Kogwirira kake kanathyoka, ndiye ukumakhudza paipi ya utsi. Ikatentha, pulasitiki imafewa, waya n'kugunda chitsulo. Tsopano ndipatse sipanala ija, apa pokha batire lichoke."

"Apa pokha ndavomera," anaseka Wamafoni.

Anadula popsa, analumikiza, anakulunga, n'kuumangirira kutali ndi paipi. Anayendanso nayo mpaka itatentha kwambiri, koma sinatsokomole. Analowa pageti la galaja kutatsala mphindi khumi kuti ikwane faifi.

Mwini galaja anatuluka. A Teni anamuonetsa chidutswa cha waya wopsa, kenako manambala aja pafoni, n'kufotokoza zonse, ngakhale za batire zomwe, osabisa.

"Ndiye mwazitulukira bwanji?"

"Si ine, bwana. Ndi mwana wangayu. Ndi katswiri wa makompyuta, ali ndi shopu yake kumsika." Mawu akuti katswiri anawatchula mokweza, kuti ndi Wamatayala yemwe amve.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero mwini galaja akugwedeza mutu, foni ili kale kukhutu kuimbira a kampani. "Mawa kukubwera ziwiri, a Teni. Makinawo ndi anu."

Panjira yobwerera kunyumba a Teni anayenda limodzi ndi mwana wawo, kabuku kaja kali m'khwapa. Atafika pamphambano pamene mwana wawo amakhotera kwake, anaima.

"Mayi," anatero, mmene ankamuitanira ali wamng'ono, "ndinakulakwira. Ntchito imene ndinkainyoza ndi imene yandisungira yanga lero. Zikomo. Ndathokoza kwambiri."

"Aaa, ababa, musandilize pamsewu," anayankha akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amene anandiphunzitsa kutsata waya mpaka pamene wadukira ndi ndani? Si inu?"

Loweruka m'mawa, Wamafoni pofika kushopu anapeza munthu atakhala kale pa benchi ya makasitomala, malaya osita, magalasi pamphuno, kope latsopano ndi bolopeni pamwendo.

"Mwabweretsa foni yowonongeka, bambo?" anafunsa mwachipongwe akutsegula loko.

"Ndabweretsa mutu. Uyambire poyambirira penipeni, usandidumphitse."

Anapisa m'thumba, anatulutsa sipanala ya teni n'kuiika pa tebulo la mwana wawo, pakati pa timasikuluu ta mafoni.

"Iyi undisungire. Undibwezere tikaweruka."