Mabulubelu Oyera a Patsinde pa Mtengo Wakugwa

Loweruka lomaliza la Epulo, Mayi Edna Tapsell anafika kunkhalango ya kuseri kwa tchalitchi n'kupeza chingwe chofiira chitazungulira maluwa oyera a patsinde pa mtengo wakugwa. Anapsa mtima nthawi yomweyo. Pamalo pamenepo ndi pamene anawaza phulusa la malemu amuna awo.

Chaka chilichonse anthu a m'mudzimo amazula maluwa otchedwa mabulubelu a ku Sipeni, amene amafalikira kuchokera m'minda ya pakhomo n'kuwononga mtundu wa mabulubelu a m'nkhalango. Chingwe chofiira chimatanthauza chinthu chimodzi: kumbani, mukatenthe.

Bambo Clive Harbottle, wapampando wa komiti yosamala nkhalangoyo, anali atazika kale pansi foloko yaikulu yokumbira.

"Chotsani chitsulocho, a Harbottle!"

"Mayi, musatichedwetse. Duwa lakwathu ndi labuluu. Loyera ndi lachilendo."

"Ndiye inuyo, ndi imvi zanuzo, mwasanduka wa ku Sipeni?"

Anthu ena okumba anaseka chamumtima. Mayi Tapsell sanaseke. Anagwada ngakhale mawondo ankawawa.

"Gwadani nanu. Zaka zitatu pampando, simunagwadirepo duwa! Taonani, lakwathu limaweramira mbali imodzi ngati munthu wamanyazi. Masamba ake ndi opyapyala, mungu wake ndi wotuwira. Nthawi zina limabadwa loyera, koma ndi lomwelo. Nunkhizani."

Bambo Harbottle anazengereza, kenaka anagwada pamatope ndi buluku lawo latsopano. Ananunkhiza kawiri.

"Likununkhira," anavomera motsitsa mawu.

"La ku Sipeni lilibe fungo. Limangoima njo, kudzionetsera. Mukanakumba chikhala kuti basi yanga inachedwa!"

Mayiwo anamasula chingwe chija, nachikulunga padzanja, n'kuyamba kuyenda. Onse anawatsatira mpaka kumalire a nkhalango, pampanda wa kuseri kwa nyumba ya a Harbottle, pamene bambowo ankatayirapo zinyalala za m'munda mwawo. Pamenepo panali mabulubelu ambirimbiri, abuluu ndithu, oimirira njo, a masamba otambalala ngati lamba.

Mayi Tapsell anathyola limodzi, nalinunkhiza, n'kulipereka kwa mwini mpanda.

"Nanga ili?"

Bambo Harbottle analiyandikitsa pamphuno kwa nthawi yaitali. Linalibe fungo.

Mayiwo anazunguliza chingwe chofiira pamaluwa onsewo, namanga mfundo ziwiri.

"Foloko muli nayo kale, a wapampando. Ife tikukamwa tiyi."