Kavalo wa a Samueli

"Musakhudze kanthu!" anakuwa Wilson, mwana wa malemu Samueli, mphunzitsi wa pamishoni, atatambasula manja pamwamba pa thabwa la tchesi ngati akudalitsa mgonero.

Palibe amene ankafuna kukhudza. Linali tsiku lachitatu chiikire a Samueli m'manda, anthu atangometa kumene, ndipo mitu inkanyezimira pakhonde ngati zipanda.

A Esteri, mkazi wa malemu, anali pamphasa kusenda nandolo. Mbiri ya thabwalo ankaidziwa. Amuna awo anaphunzira masewerawa pophikira mzungu wolima tiyi, nasema okha tizidole take ta mkungudza: mafumu, akavalo, malinga ndi asilikali. A Pilato atafika kuchokera kwa Apwitikizi ndi ana asanu, opanda pogwetsa khasu, a Samueli anawapemphera theka la dimba kwa akazi awo. "Alime mpaka masewera athu atatha. Ndikawagonjetsa, achoka." Aliyense ankasuntha kamodzi Lamulungu lililonse. Zaka zinayi zinadutsa.

Tsopano a Pilato anali tsidya lina la thabwa, chipewa chili pabondo. Oyenera kusuntha anali a Samueli.

"Taonani," anatero Wilson. "Mfumukazi yathu ibwere apa. Mfumu yawo ithawira pakona, kwina kulibe. Kenako linga litsika. Basi, dimba labwerera kwa eni ake."

"Bwanji msilikali uyu abwerere kaye?" anafunsa Bizwick, mlamu wake, amene anaphunzira masewerawa m'mawa womwewo.

"Msilikali sabwerera m'mbuyo, alamu. Musatichititse manyazi pamaliro."

Amuna onse anawerama, nayesa njira iliyonse ndi zala m'malere. Zinali zoona. Kusuntha kuwiri kokha, a Pilato akanatsala opanda munda.

"Bambo anali atakalamba," anatero Wilson mwachifundo. "Maso. Chinthu choonekeratu chonchi!"

"Anachiona chaka choyamba," anayankha a Pilato motsitsa mawu. "Inenso ndinachiona. Sabata imeneyo nsima sinkatsika."

"Nanga zaka zonsezi ankasuntha chiyani?"

A Esteri anasasa makoko pansalu yawo, nadzuka.

"Dimbalo ndi la amayi anga. Sendera uko, Wilson."

"Amayi, inu malamulo ake simuwadziwa."

"Ndasesa pansi pa thabwali zaka zinayi, aphunzitsi."

Ananyamula kavalo. Khosi lake linali losalala, lakuda ndi zala, pamene tizidole tinato tinali fumbi lokhalokha. Anamulumphitsira kutsogolo, pomwe ankatera Lamulungu lina n'kubwerera Lamulungu linzake.

Wilson anabweza manja ake, nakhala pansi.

A Pilato anayang'anitsitsa thabwa nthawi yaitali, nkhope ili gwa, monga munthu wolimbana ndi nzeru zakuya. Kenako anatola kavalo wawo, nayenso wakhosi losalala, namubweza pomwe anali sabata yathayo.

"Lamulungu, amayi?"

"Lamulungu. Mubwere ndi mpiru wa m'dimbamo. Malemu ankati wanu ndiye wokoma."

Anatenga mpango wa amuna awo, nafunditsa thabwa.