Kanyali ka Mabuleki pa Ulendo wa Maliro

Tinali titangotuluka pa Kasungu boma, bokosi la malemu Vincent lili kumbuyo kwa pikapu yanga, pamene kanyali kachikasu ka ABS kanayaka pa dashibodi. Kameneka n'kochenjeza za mabuleki. Kamayaka ukaliza injini, kenako n'kuzima, koma tsikulo kanakakamira.

A Fumbani, akulu ake a malemuwo, anali nane kutsogolo. "Imikani, a Samsoni! Akukana ameneyu. Sakufuna kupita ku Chulu."

Vincent anasiya mawu kwa mkazi wake Lefina kuti akamuike ku Chulu, kwawo kwa mkaziyo, pambali pa manda a mwana wawo Agnesi. Abale ake ankafuna kwawo ku Kaomba, ndipo anangogonja monyinyirika. Tsono kwathu kuno galimoto ya maliro ikavuta panjira, amati wakufayo wakwiya.

"Si malemu awa, achimwene, ndi waya," ndinatero. Zinandipsetsa mtima. Munthu wosadziwa ngakhale giya andiphunzitse galimoto yanga?

"Chabwino," anatero a Fumbani. "Konzani. Koma tikafika pamphambano kakadali koyaka, tikhotera ku Kaomba."

Lefina anamva zonse ali kumbuyo. Anangokumbatira bokosi.

Ndinaimika pambali pa msewu, n'kutsegula boneti. Mafuta a mabuleki anali odzaza, fyuzi yosapsa. Ndinalowa kunsi, msana pa dothi lotentha, kutsata timawaya tomwe timauza galimoto liwiro la tayala lililonse. Kutsogolo konse kunali bwino. Pa tayala lakumbuyo kumanzere, ogo! Chingwe chosokera fodya chinali chitakulunga kawaya mpaka kuzula pulagi yake. Dzulo lake ndinali nditaimika galimoto pa chigafa cha fodya.

Ndinadula chingwe chija ndi mpeni, n'kuuzira fumbi, n'kubwezeretsa pulagiyo. Chingwecho ndinawaonetsa a Fumbani. "Malemu anu ndi awa."

Ndinaliza injini. Kanyali kanayaka, osazima.

"Mwaona?" anatero a Fumbani, mawu ali m'mwamba. "Wakufa sanamizidwa!"

Kunena zoona ndinachita mantha. Ndinkadziwa kuti galimoto zina zimafuna matayala azungulire kaye kuti zikhulupirire, koma nanga waya atadukira m'kati? Ndinaika giya, n'kunyamuka. Tinadutsa minda ya mapesi a fodya, amayi operekeza maliro kumbuyo ataleka kuimba. Mtengo wa mango wa pamphambano unayamba kuoneka. A Fumbani anatulutsa kale mkono pawindo kuloza njira ya ku Kaomba.

Ndinawonjezera moto pang'ono. Kanyali kanati zii!

A Fumbani anakayang'anitsitsa, n'kugogoda dashibodi ndi chala kawiri. Sikanayakenso. Anabweza mkono wawo pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa.

"Walola," ananong'ona. Kenako analira ngati mwana, koyamba chimwalirire mng'ono wawo.

Sindinawatsutsenso za waya. Pagalasi ndinaona Lefina atagoneka tsaya pa bokosi.

"Bambo a Agnesi," anatero, "tikupita kwa mwana."