Ulusi wa Alendo a Boakye

Mphepo youma yochokera kuchipululu inali itadzaza fumbi m'mwamba tsiku limenelo, moti mapiri ozungulira nyanja ya Bosomtwe sankaoneka. A Agyekum anali atakhala motangadza pathabwa lawo, akupalasa madzi ndi manja monga achitira asodzi a kumeneko, pamene china chake chinawacheka chala. Unali ulusi wa mbedza. Anautsatira mpaka m'mabango, ndipo kumapeto kwake anapeza kakowa, ulusi utamuzenga khosi ndi phiko.

Anamuzindikira ndi mwendo wake wopindika. Anali kakowa yemwe malemu akazi awo, a Serwaa, ankamuponyera matumbo a nsomba m'mawa uliwonse. Chimwalirireni mayiwo, ntchitoyo inatsalira iwo. Anadula ulusi ndi mano, koma mbalameyo inazizira ili m'manja mwawo.

Pagombe, m'munsi mwa munda wawo wa koko, wailesi inali kusokosa. Boakye, mwana wa mlongo wawo, anali atabweranso ndi anzake a ku Kumasi, aliyense ndi ndodo yowedzera yonyezimira. Mabotolo ndi timajumbo ta madzi tinali mbwee mpaka m'mabango.

"Amalume!" anafuula Boakye. "Mwagwira nkhuku ya m'madzi? Bweretsani tiwotche!"

Anzakewo anafa nacho chiseko.

"Ulusi uwu ngwa yani?" anafunsa a Agyekum.

"Ukakodwa timangodula n'kumanga wina. Vuto lili pati?"

"Wodulawo mumataya kuti?"

Mnzake wina wamimba yaikulu analoza nyanja ndi botolo. "Madala, madzi onsewa? Ifetu timangosangalala, nsomba tikagwira timabwezera. Opha nsomba ndinu!"

A Agyekum anatsika pathabwa n'kulikokera kumtunda. Ngakhale mwana wa kumeneko amadziwa kuti mzimu wa munthu akamwalira umadzera panyanjayi kudzatsanzika.

"Serwaa anatsanzikira pano," anatero. "Iwe Boakye unalipo pamaliro."

Boakye anawakokera pambali, mpweya ukununkha mowa. "Amalume, musandichititse manyazi pamaso pa alendo. Mbalame ndi mbalame basi. Komanso malo ano mawa ndi anga. Si ine mwana wa mlongo wanu?"

A Agyekum anagoneka kakowa pathabwa, natenga thumba lakale la koko, n'kuyamba kutola. Analowa m'matope mpaka m'mawondo, akuzula ulusi, mbedza zadzimbiri, majumbo ofufuma ndi madzi onunkha.

"Mwasiya botolo uko, madala!" anakuwa wamimba uja. "Boakye, amalume akowa tiwalembe ntchito!"

A Agyekum anakatola botololo. Thumba litadzaza analisenza, madzi akuda akuyenderera pamsana, nalunjika pomwe panaima galimoto ya Boakye. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukhuthulira zonse pamipando yake yoyera. Anakutumula thumbalo kawiri kuti pasatsale kanthu.

Wailesi inazima.

"Mwapenga kodi?" Boakye anathamanga atagwira kumutu. "Galimoto yanga! Mukudziwa kuti fungo ili silidzatha?"

"Ndi katundu wanu. Mupite naye."

"Ndikanena kwa amayi!"

"Ukanene. Ukawauzenso kuti malo ano mawa ndi ako. Lero ayi. Dzuwa lisakupezeni pano likamalowa."

Wamimba uja anali atayamba kale kupinda ndodo yake. A Agyekum anakulunga kakowa m'malaya awo, natenga khasu, n'kukwera kumunda wa koko kukakumba dzenje.