Mizere Yofiirira ya Mwalimu Ndahani

Bambo ake a Atupele sankalankhula kawiri. Anamuuza tsiku limodzi lokha, akunola chikwanje pakhomo: "Ukalephera mayeso a Fomu 2, zobwereza kalasi kuno kulibe. Dengu lothyolera tiyi lilipo, likukudikira." Nkhani inathera pomwepo. Atupele ankalidziwa dengulo, ankadziwanso mmene linapindira msana wa mayi ake, ndipo ankaliopa kwambiri.

Maphunziro ena onse ankawakwanitsa ndithu. Chomudetsa nkhawa chinali jogalafe, chifukwa mayeso a boma sabwera opanda funso la mapu, ndipo mwini phunzirolo anasamutsidwa chaka chili pakati. Amene anatsala nalo anali Mwalimu Ndahani, mphunzitsi wa mbiri yakale, mnyamata wa nsapato zosongoka wochokera kuchidikha cha ku Dodoma. Munthu wabwino, inde, koma kunyada kwake! Mawu oti "sindikudziwa" sankatuluka pakamwa pake ngakhale mutamuponda pamimba.

Kuyeza mtunda ndiye ankakukonda. Ankayala mapu a dera lawo patebulo, kugoneka ulusi motsata msewu, kuutambasula pasikelo ya mapuwo, n'kutchula makilomita monyadira ngati msewuwo analambula yekha. Kumpoto ankakudziwa, chizindikiro cha tchalitchi ankachidziwa. Koma mizere yofiirira yokhotakhota yomwe inadzaza mapu onse ankangoidumpha ngati ndowe panjira.

"Mwalimu, nanga mizere iyi ndi ya chiyani?" anafunsa Atupele tsiku lina.

"Zokongoletsa zimenezo. Sizibwera pamayeso. Khala pansi."

Kubwera zinkabwera! Atupele anaziona yekha pa mapepala akale a mkulu wake. Tsono buku la jogalafe pasukulupo linali limodzi, ndipo linkagona m'kabati yokhoma ya Mwalimu yemweyo. Choncho nthawi yopuma mtsikanayo ankangoyang'anitsitsa mapu aja mpaka maso kuwawa. Anaona kuti pabwalo la mpira mizereyo inali patalipatali, koma kuseri kwa sukulu, kumene ng'ombe ya a Mwakasege inagwera chaka chatha n'kudyedwa ndi mudzi wonse, inathinana moti singano sikanalowa pakati. Anayamba kuganizira kanthu, koma womutsimikizira panalibe.

Pamenepo ndiye kambewu ka ukathyali kanamera.

Panalibe mwana pasukulupo amene sankadziwa kuti Loweruka lililonse Mwalimu amakwera njinga yamoto kupita ku Ngologo, kukachezera namwino wa pachipatala chaching'ono, Tumpale. Lachinayi lake Atupele anakweza dzanja, nkhope ili yoyera ngati ya mwana wa kwaya.

"Mwalimu, tiyezereni mtunda wochoka pano kukafika kuchipatala cha ku Ngologo. Tingophunzirirapo basi."

Kumbuyo wina anatsokomola. Mwalimu anamuyang'ana Atupele moopseza, koma ulusi unali kale m'manja. Anaugoneka mumsewu wozungulira uja, n'kulengeza kuti makilomita khumi ndi anayi.

"Mayo, kutalika! Nanga kanjira ka timadontho aka kakulowera kuti?" anafunsanso Atupele.

Mwalimu anawerama, n'kuika rula pakanjirako. Anayeza kawiri. Maso anatuluka.

"Makilomita awiri okha! Ndiye anthu inu mumazungulira chifukwa chiyani?"

"Kaya, Mwalimu. Tinangozipeza choncho."

"Umbuli! Kusadziwa mapu! Chaka chonse ine ndikulemeretsa anyamata a njinga, njira ili pakhomo pompano?"

Gwakisa, mnyamata wamwano wa mpando wakumbuyo, anati, "Imeneyo simungaithe, Mwalimu. Ndi ya ife a mapazi ong'aluka."

Atupele akanatha kumugulira mandasi Gwakisa tsiku limenelo. Mwalimu anamenya tebulo. "Loweruka nonse mubwere, tikachite phunziro la panja. Theka la ola tidzakhala tafika. Kwathu makilomita awiri amayenda ndi mwana wopita kukapala moto!"

Kalasi lonse linangoti zii. Ana makumi anayi, aliyense wobadwira m'mapiri momwemo, panalibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa. Amenewotu ndiye ana a sukulu akagwirizana.

Loweruka Mwalimu anafika atavala buluku loyera, nsapato zija atazipukuta, m'manja muli kabokosi ka keke ya Tumpale. Mapu anapatsa Atupele kuti anyamule. Anadutsa bwalo la mpira akuimba mluzu, anadutsa munda wa nthochi wa a Mwakasege, kenaka dziko linangotha. Kanjira kanalowa pansi ngati kakuthawa munthu, ndipo mtsinje wa Kyosa unkangomveka kulira kutali pansipo, osaoneka.

"Katsetse kakang'ono aka," anatero Mwalimu, mawu atachepa.

Ana anavula nsapato n'kuyamba kutsika ngati mbuzi. Mvula inali itagwa dzulo lake, dothi lofiira lili tereretere. Mwalimu anaponda kamodzi, kawiri, kachitatu miyendo inapita m'malere. Khuu! Anayenda ndi matako mpaka chitsa chinamuchitira chifundo.

"Pepani, Mwalimu!" linaimba kalasi lonse mwaulemu, ena atadziluma milomo.

Atupele sankaseka ayi, anali pa ntchito. Chala chili pamapu, ankatsata kanjira kaja, ndipo anaona kuti mizere ina ili ndi timanambala. Pamwamba, pafupi ndi sukulu, panalembedwa 1600. Kutsikirako pang'ono, 1500.

"Mwalimu, tadutsa zokongoletsa zisanu!" anafuula. "Zatsala khumi ndi zisanu!"

Yankho linali kugwa kwina. Keke inatsogola yokha, kugubuduzika mpaka kumtsinje, ndipo Gwakisa anaithamangira modzipereka zedi, n'kubwera kudzanena mwachisoni kuti yawonongeka yonse, pakamwa pali zoyera.

Anafika pansi dzuwa lili pamutu. Mwalimu anakhala pamwala ali wefuwefu, buluku lasanduka lofiira, nsapato imodzi itayasama. Anakweza maso kuyang'ana tsidya linalo. Phiri linangoti njo, ndipo pamwamba penipeni denga la chipatala linkaoneka laling'ono ngati bokosi la machesi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

"Bweretsa mapuwo," anatero.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Chala chake chinayenda kuchoka pa 1600 kufika pa 1200 pamene panali mtsinje, n'kukweranso tsidya linalo. Anayang'ana phiri, anayang'ananso pepala. Kenaka anadzuka, n'kukonza kolala.

"Ana inu, tamverani! Mukuganiza kuti ndakubweretsani kuno mwangozi? Phunziro la lero ndi mizere yofiirira. Mzere uliwonse ukusonyeza kukwera kwa malo. Ikathinana, ndiye kuti ndi phompho. Ndinafuna muzimve ndi miyendo yanu!"

"Zoona, Mwalimu! Inu ndiye mwazimva ndi thupi lonse!" anatero Gwakisa, ndipo chigwa chonse chinadzaza ndi phwete.

Atupele anangogwira pakamwa. Ankafuna kuvina. Zinali zoona, zomwe ankaganiza zija zinali zoona!

Anzake atabalalika kukasewera m'madzi, Mwalimu anakhalanso pansi n'kumukodola. Analankhula motsitsa, maso ali kumbali.

"Iwe, palibe njira ina yokwerera? Iyi indipha."

Atupele anayala mapu pamwala. "Tikatsata mtsinje chakumunsi, apa mizere yatalikirana. Ndi kotalika, koma mukafika ndi moyo." Anakweza maso. "Koma mutu wonse wa mizereyi uli m'buku lija la m'kabati, Mwalimu. Mayeso atsala milungu isanu."

Mwalimu anamuyang'anitsitsa. "Iwe mwana, unkadziwa zonsezi."

"Ndinkangoganizira, Mwalimu. Wondiuza panalibe. Ndipo ndikalephera, kwathu andiuza kale kuti sukulu yathera pomwepo."

Mawuwo anamulasa munthu wamkulu. Anachita manyazi, manyazi enieni oposa a buluku lija. Kenaka anapisa m'thumba lamatope n'kutulutsa kakiyi kakang'ono.

"Inenso wondiuza panalibe," anatero. "Anangondipatsa choko. Tenga, bukulo ukayambe ndiwe kuwerenga, mawa madzulo undibwezere ndiwerengeko nanenso. Lolemba tiyamba tsamba loyamba, ndipo sitidumpha kanthu."

Atupele analandira ndi manja awiri, maondo atapinda, misozi ili m'maso. Anamanga kiyiyo pakona ya chitenje mfundo ziwiri.

"Tsono tsogola," anatero Mwalimu akudzuka motsimphina. "Ndipo tikakafika kwa Tumpale, amene akatsegule pakamwa akalima bwalo lonse la mpira yekha."