Sipuni ya Ufa Woyera

Anajuwisi anali atangotapa ufa woyera uja kuti athire m'ndowa ya juwisi wa mango wogulitsa pamene mkamwini wawo anaima pakhomo la khitchini, foni ili m'manja.

"Amayi, pepani, taimani kaye. Ufa umenewo si uja amati sobeti?"

"Ndi womwewo. Popanda uwu juwisi amasasa tsiku lachitatu. Nanga inu mwayamba liti kulondera ndowa za apongozi?"

Mkamwini sanaseke. Anawerenga pang'onopang'ono zimene anapeza pa foni: akuti akatswiri ena anathira sobeti pa maselo a munthu m'kambale koyesera, ndipo DNA, ija imasunga malangizo a mmene mwana adzaumbikire m'mimba, inawonongeka.

Anajuwisi anabweza ufawo m'paketi. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali atapita padera kawiri, ndipo tsopano anali ndi pakati pa miyezi inayi. Chilichonse ankasanza kupatula juwisi wa mayi ake. Ankamwa mabotolo awiri pa tsiku, ndipo mayi akewo ndi amene ankamupatsa, monyadira.

Panalinso china chimene mkamwini sankachidziwa. Kasipuni koyezera kanasowa chaka chatha. Kuyambira pamenepo ankangotapa ndi sipuni ya tiyi, kukatentha n'kuwonjezerako pang'ono, uku akudzitama kuti dzanja lawo ndi sikelo.

Masana ananyamula paketi ya ufawo kupita ku famase ya pakona. Wogulitsa mankhwala anali bambo wa magalasi amene mawu ankawatulutsa ngati amachita kugula.

"Za m'kambale n'zina, thupi la munthu n'lina, mayi. Pa mlingo wovomerezeka, ambiri amati alibe vuto."

"Nanga munthu akapyola mlingowo?"

"Mwapyola kwambiri?"

"Ndikanadziwa ndikanabwera kuno?"

"Ndiye inenso sindingadziwe. Gulani sikelo. Komabe kupita padera kuli ndi zifukwa zambirimbiri, musadziweruze nokha."

"Bambo, ingondiuzani kuti si ine."

Bamboyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Sindikukhulupirira kuti ndi inu. Koma kulumbira, ayi, sindingalumbire."

Anajuwisi anabwerera ndi kasikelo m'chikwama, mtima uli wolemera kuposa popita. Kusiya ufa sikukanatheka. Magetsi ankathima mmene afunira, ndipo juwisi wosasa ndiye amatsekula ana a eni m'mimba anthu onse akuona. Kusiya juwisi nakonso sikukanatheka, pakuti nyumba yonse, mkamwini ndi foni yake yomwe, inkadya za pawindo lawo logulitsira juwisi.

M'mawa mwake anakonza ndowa ziwiri. Yaikulu anathiramo ufa woyeza pa sikelo, mpaka kubwezako kambewu kamodzi kamene kanapyola. Yaing'ono, ya mwana wawo, sanathiremo ufa, ndipo mabotolo ake anawamanga ulusi wofiira pakhosi.

Mwana wawo analandira botolo la ulusi n'kulitembenuza. "Amayi, nanga enawo akumwa uti?"

"Woyeza bwinobwino. A ku famase ati alibe vuto."

"Ngati alibe vuto, wangawu mwaupatuliranji? Si inu mumati mwana wa mnzako ngwako yemwe?"

"Imwa, usandizunguze mutu," anatero Anajuwisi, koma mawuwo anawabaya.

Pawindo panagogoda telala wamkazi wa mumsewu womwewo, mimba ili kutsogolo ngati yafuna kufika iyo kaye.

"Anajuwisi, wa mango awiri! Mwanayu akapanda kumwa wanu amandimenya mateche tsiku lonse."

"Lero watha, mwanangu."

Telala anasuzumira. Firiji inali yotsegula, yodzaza mpaka kukhomo. Anayang'ana mabotolo, n'kuyang'ana Anajuwisi, kenako anachoka osatsanzika. Manyazi anawagwira Anajuwisi, komabe anapumako pang'ono, poti mmodzi anali atapulumuka, ngati n'kupulumuka.

Pambuyo pake panaima mphunzitsi wamkazi amene anakwatiwa chaka chomwechi, wochepa thupi, diresi lili pyapyapya. Anajuwisi anatenga botolo, koma maso awo anatsikira okha pamimba pa mtsikanayo. Panalibe chooneka. Ndiye anakumbukira kuti kwa mwana wawonso, maulendo awiri aja, panalibe chooneka.

"Mayi, belu lalira kusukulu. Mukugulitsa kapena ayi?"

Kumbuyo kwake kunali amayi ena atatu pamzere. Anajuwisi anamupatsa botololo, n'kulandira ndalama osamuyang'ana kumaso.